Theka la Nkhalango Yanu, Amama

Amama,

Kodi kumeneko kwacha bwanji? Kuno kwacha, koma ine mwana wanu Towela ndadzuka ndi nkhani zodzaza pakamwa, ndipo ndaona kuti ndikapanda kuzilemba zindiphulitsa mutu. Khalani pansi bwinobwino, pakuti kalatayi ndi yaitali. Zina mukondwera nazo, zina mundikalipira, ndikudziwa kale.

Ndiyambe ndi zokoma. Mlamu wanga, mkazi wa mwana wanu Kondwani, anachira ku Chipata mwezi wa Epulo, mwana wamkazi. Anamutcha Esinati, dzina lanu, ndipo sanalakwitse, chifukwa kamwanako kakakwiya kamakwinya chipumi monga munkachitira inu mbuzi zikalowa m'dimba. Ndinakwera minibasi kukakaona, ndinakanyamula tsiku lonse mpaka mkono kuchita dzanzi. Kondwani wanenepa, watulutsa kamimba ka anthu a m'tauni, ndipo akuti ndikupatseni moni.

Mtedza chaka chino unachita bwino, nkhokwe yaing'ono ija inadzaza mpaka ndinachita kupempha matumba kwa anansi. Chimanga ndiye ayi, mvula inadula mu Febuluwale chili pakati pobereka. Tidya, koma mosamala. Ng'ombe yanu yamawanga ija inabereka kamwana kamphongo. Nkhuku zinatha ndi chitopa, kunangotsala tambala mmodzi wouma mutu amene amalirabe ngati ali ndi akazi khumi. Ine ndikupalasabe njinga kupita kumsika wa ku boma Lachiwiri ndi Lachisanu kukagulitsa mtedza ndi nyemba, ndipo anzanu a pamzere wa tomato paja amakutchulanibe.

Tsopano za nkhalango yanu, imene ili kuseri kwa nyumba pakati pa munda ndi dambo, imene munaisunga zaka makumi atatu chimwalirire atate. Amama, theka lake kulibe. Adada Yotamu, mng'ono wa malemu atate, sanadikire n'komwe kuti mwezi uthe chikuikireni m'manda. Anati malowo ndi a banja lawo, ndipo mabani awo oumitsira fodya akufuna nkhuni. Theka linalo analisiya osati chifukwa cha chifundo, koma chifukwa nkhuni zinawakwanira chaka chimenecho. Anagwirizana ndi mwana wawo Masauso kuti lotsalalo adzaligwetsa chaka chino mu Okutobala, kuti nkhuni ziume fodya asanakhwime. Chiyambire pamenepo mtima wanga wakhala pa theka limeneli, kuti lisagwe.

Ndimakuonanibe m'maso mwanga. M'mawa uliwonse mukatha kusesa, munkavula patapata pakhomo, n'kulowa m'mitengomo pang'onopang'ono ngati mukuopa kudzutsa munthu. Munkakhudza khungwa la mombo, kutola tsamba, kulifikisa ndi zala n'kulinunkhiza, kenako n'kukakhala pamuzu wa msuku waukulu uja. Basi. Osapemphera mokweza, osaimba, osatola kanthu. Ndili wamng'ono ndinkakutsatirani n'kumafunsa kuti tikudikira chiyani, inu n'kumati, “Khala pansi, mtima ukupeze, unausiya m'mbuyo.” Ine ndinkatopa nazo, ndinkathawa kukasewera. Koma ndinkaona kuti mukabwerako mawu anu ankatsika, ndipo tsiku limenelo ngakhale ndiswe mbale simunkandimenya.

Chimene mudzi uno unalephera kukukhululukirani n'chimodzi: mkazi wopita kuthengo n'kubwerako chimanjamanja. Mukanabwerako ndi mtolo wa nkhuni pamutu, kapena bowa m'nsalu, palibe akanalankhula. Koma kupita tsiku ndi tsiku osanyamula kanthu, kwa iwo kunali kukakumana ndi winawake. Amene anayambitsa ndi adada Yotamu omwewa, chaka chimene ng'ombe zawo ziwiri zinafa motsatizana. Ndinawamva ndi makutu angawa pa mowa wa kwa anansi, akukutchulani ndi dzina la kwanu: “NyaMtonga uyu, ku thengo kuja ayenda kukamba na ndani?” Anthu anaseka, koma mawuwo anamera. Ana analetsedwa kulandira mango m'manja mwanu. Ku tchalitchi benchi lanu linkatsala ndi malo mbali zonse ziwiri. Ine ndinkafuna kukawalalatira, inu n'kumandigwira mkono, “Asiye, choipa chitsata mwini.” Munadikira zaka khumi ndi zisanu kuti chiwatsate, Amama, ndipo munapita chisanawapeze.

Tsiku lodula ndinalipo. Adada Yotamu anabwera ndi amuna asanu ndi ngolo ziwiri za ng'ombe. Ndinaima patsogolo pa mlombwa uja ndikulira, iwo n'kundiuza kuti mwana wamkazi amene ukwati unamukanika alibe mawu pa nthaka ya makolo. Anandikankhira pambali ndi mpini wa nkhwangwa, osati mwamphamvu, koma monga timakankhira mwana wa mbuzi pakhomo. Kukankha kumeneko ndiko kumandiwawa kuposa kumenyedwa. Pofika madzulo dzuwa linkafika pansi pamalo pamene silinafikepo chibadwire changa. Ndinalumbira mumtima kuti mlandu suwola.

Kuchokera tsiku limenelo mutu unayamba kundiwawa kunkhongo, makutu kulira, mtima kugunda ngati ndathamangitsidwa. Ndinapita kuchipatala ku boma, anandipeza ndi bipi yokwera. Anamwino amene anandiyeza, mayi wofatsa wa magalasi, anandipatsa mapiritsi n'kundifunsa ngati kwathu kuli mitengo. Ndinadabwa. Anati, “Amai, mankhwala muzimwa osalumphitsa, koma sitiresi nayo ifunika kuichepetsa. Ku Japani anthu amayenda mu nkhalango kukankhala chabe. Foni asiya ku nyumba, ayenda pang'ono pang'ono, amvela mbalame, anunkhiza masamba, apuma bwino. Eni ake amati ni kusamba mu nkhalango, koma kulibe madzi. Mukayese.”

Amama, ndinaseka mpaka misozi, anthu a pamzere kutembenuka. Anamwinowo anaganiza kuti ndikuwanyoza, ndinachita kuwafotokozera kuti zimenezo mayi anga anazichita zaka makumi atatu osadziwa kuti Japani ali mbali iti, ndipo malipiro ake anali kutchedwa mfiti. Ndiye kuti anthu opanga magalimoto akavula nsapato n'kukhala pansi pa mtengo ndi nzeru, koma NyaMtonga akachita zomwezo ndi ufiti! Ndinapalasa njinga kubwerera kumudzi ndikulankhula ndekha njira yonse, moti ndinapitirira ndi pokhotera pomwe.

Ndinayesa ndithu. Ndinavula patapata, ndinakakhala pamuzu wanu. Koma ine si inu. Ndikati ndimvetsere njiwa, m'mutu mwanga mumalira nkhwangwa. Ndikati ndiyang'ane masamba, maso amathawira ku zitsa. Ndinkalowa m'nkhalangomo nditasenza mlandu, n'kutulukamo nditasenza womwewo, utalemerako.

Ndiye mu Juni, tikukolola, choipa chija chinafika mochedwa monga basi ya ku Chipata. Adada Yotamu anagwa pakhomo pa khola, sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanzere zinafa, kamwa linapotoka, mawu anatha, kunangotsala kubuula. Atatuluka m'chipatala ankangowagoneka pamphasa m'kachipinda kamdima, akazi awo ali kumunda, Masauso ali pa nazale ya fodya. Munthu amene ankabangula mudzi wonse n'kumva anali kulephera kuingitsa ntchentche pamlomo pake. Ndikanama ndikati ndinamva chisoni. Tsiku limene ndinamva nkhaniyo ndinaphika nyemba zothira mafuta ambiri, ndipo ndinadya n'kunyambita zala.

Koma kudwala kwawo sikunapulumutse mtengo ndi umodzi womwe. Masauso anali atanola kale nkhwangwa, ndipo iye ndi woipa kuposa bambo ake, chifukwa saopa ngakhale manyazi. Ndinalibe mphamvu yomuletsa. Chimene ndikanatha chinali kulanga amene anayambitsa, ndipo nzeru yake ndinaipeza m'mawu a anamwino aja. Ndinapita kwa akazi awo a adada ndi nkhope ya Mkhristu, n'kunena kuti kuchipatala amati wodwala bipi azipita naye kumitengo kukapuma mpweya wabwino, ndipo ine ndadzipereka. Mayiwo anatsala pang'ono kundigwadira. Ndinayala thumba ndi bulangeti m'wilibala, tinawanyamula adada n'kuwaikamo, miyendo ili lendelende kutsogolo. Ndinadutsa nawo dala pakati pa mudzi, kuti onse amene ankaseka pa mowa paja aone. Amayi a ku tchalitchi anandiyamika Lamulungu lotsatira, akuti ndine chitsanzo cha kukhululuka.

Sindinapite nawo kumthunzi, Amama. Ndinawatsitsira pa theka lodulidwa lija, n'kuwakhazika pa chitsa cha mlombwa, padzuwa. Ndiye ndinawauza bwinobwino, mwaulemu wonse: “Adada, anamwino akuti mumvetsere mbalame. Mukuzimva? Kulibe, zinasamuka. Akuti mununkhize masamba. Nunkhizani, si awa mwakhalapowa. Apa panali mlombwa, apo panali muwanga, uko kunali mitondo itatu imene inkatipatsa matondo. Sambani, adada, nkhalango yanu ndi imeneyi.” Ndikatero ndinkapita kukakhala kumthunzi wa theka lotsala, n'kumawayang'ana. Madzi ndinkawapatsa, chipewa ndinkawaveka, ndipo ola likakwana ndinkawabweza, pakuti wakupha sindine. Koma ndinkafuna alawe dzuwa limene analiitana okha. Tinachita zimenezi Ogasiti yense, m'mawa uliwonse kupatula masiku a msika, ndipo sakanatha kuuza munthu.

Ndikudziwa mwakwinya kale chipumi. Dikirani, mumve mmene zinanditembenukira.

Tsiku lina mu Seputembala, nyenje zitayamba kulira, ndili chikhalire kumthunzi ndinaona adada atsetsereka pachitsa paja n'kugwera m'fumbi. Ndinayesa akomoka. Koma ayi, anadzuka ndi chigongono, n'kuyamba kudzikoka chokhala, dzanja lamoyo lija likukumba pansi, mwendo wakufa ukukwekwereka m'mbuyo. Ankabwera kumthunzi. Ndikanatha kuwanyamula, ndikanathanso kuwabwezera pachitsa. Sindinachite chilichonse, ndinangopinda manja. Anadzikoka, kupuma, kudzikokanso, buluku litang'ambika, thukuta ndi fumbi zitasanduka matope kumaso. Mitengo yoyamba anaipitirira. Anandipitiriranso ine osandiyang'ana. Anakafika pa msuku wanu, pamuzu womwe uja unasalala ndi kukhalapo kwanu, n'kutsamira thunthu lake, n'kutseka maso. Ndinamva akutulutsa mpweya wautali, ngati munthu amene watula mtolo.

Ndinanyamuka kuti ndikawachotsepo. Pamalo panu, Amama! Koma nditafika pafupi manja anandikanika, chifukwa nkhope yawo inali itamasuka monga inkamasukira yanu mukakhala pamenepo. Ndinaima pomwepo ndi ukali wanga, pumbwa akulira pamwamba pathu ngati palibe chachitika.

M'mawa mwake ndinafuna kusiya zonse, koma akazi awo anabwera kudzandiuza kuti adada agona bwino koyamba chidwalire, ndipo akuloza wilibala. Ndikanakana bwanji ine chitsanzo cha kukhululuka? Walira mvula walira matope. Ndinawakankhanso, ndipo kuyambira pamenepo ndikawaika pachitsa ankangoyamba ulendo wawo wa chokhala uja, mpaka ndinatopa n'kumawatsitsira pa msuku pomwepo. Ankakhala duu, kuyang'ana nyerere zikukwera khungwa, kufikisa tsamba ndi zala n'kulinunkhiza, zimene palibe anawaphunzitsa. Patapita masabata atatu anaima ndi ndodo. Kenako mawu anayamba kubwera, olemera ngati lilime lawatupa, ndipo oyamba amene ndinawamva anali akuti, “Towela, nipeleke ku mitengo.” Kaya ndi mapiritsi, kaya ndi nthawi, kaya ndi mitengoyo, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ine mwana wanu bipi yanga inali pomwepo, pamene mdani wanu ankachira pamthunzi wanu. Ndinaikwiyira mitengo yanu, Amama, ndinaitukwana kuti ilibe nzeru, siidziwa amene anapha abale ake.

Masauso anabwera sabata yachiwiri ya Okutobala, m'mawa, ndi amuna anayi ndi ngolo. Anatipeza tili pomwepo, adada pamuzu, ine chapatali. Anandiuza kuti ndiwachotse odwalawo, mitengo ingawagwere. Ine ndinadziwa kuti kwatha. Koma adada anamenya pansi ndi ndodo.

“Masauso,” anatero, mawu akutuluka limodzilimodzi, “nikafa, mukaniike kuno.”

Masauso anaseka. “Adada, mwadwala imwe. Nazale yamela kale, manje nkhuni nizazipeza kuti?”

“Nakamba. Mukaniike kuno, mu mitengo muno. Mwamvela monse?”

Anawayang'ana amuna anayi aja mmodzimmodzi. Wamkulu wa iwo anavula chipewa n'kuika nkhwangwa pansi, enawo n'kuchita chimodzimodzi. Masauso anakalipa, anawalonjeza zambiri, koma mukudziwa mwambo wathu. Mkulu akatchula pamaso pa anthu malo amene adzagone, malowo asanduka manda, ndipo mtengo wa kumanda sudulidwa. Ngakhale nthambi youma yogwa yokha palibe amaitola kukasonkhera moto. Amunawo anakwera ngolo yawo yopanda kanthu n'kumapita.

Mukuganiza kuti ndinavina? Amama, ndinamva ngati andithira madzi otentha. Inu munapempha zomwezo. Muli gone pamphasa sabata yanu yomaliza munandigwira dzanja n'kuti tidzakuikeni pansi pa msuku. Ine ndi Kondwani tinakagwada kwa adada Yotamu omwewa, ndipo anatiyankha kuti mkazi wobwera ndi ukwati sayambitsa manda atsopano pa nthaka ya eni, manda a mudzi alipo kale. Tinakunyamulani ulendo wautali uja kukakuikani kutsidya la msewu, pakati pa anthu amene ankakuthawani pa benchi. Lero munthu yemweyo, chifukwa ndi mwamuna ndiponso mwini mbumba, angotsegula kamwa lopotokalo kamodzi, n'kupatsidwa chimene inu munachilirira mpaka kufa.

Panali msonkhano wa banja Loweruka lotsatira, pansi pa mango a kwa adada. Akuluakulu a mudzi anati iwo alibe chokana, koma popeza nkhalangoyo ili pa gawo la malemu atate, ana a nyumbayo avomereze kaye. Anamuimbira Kondwani, iye n'kuyankha pa foni kuti amene akukhala pamalopo ndi Towela, chimene anene iye ndi chomwecho. Ndiye taonani, Amama, mwana wamkazi uja ukwati unamukanika, wopanda mawu pa nthaka ya makolo, anthu onse akumuyang'ana pakamwa.

Yankho ndinali nalo, lonolanola. Ndinkafuna kuima n'kuwabwezera mawu awo omwe, kuti adada, manda a mudzi alipo kale. Ndinali nditawalawa mawuwo pa lilime masiku onse asanuwo, ndipo ankatsekemera kuposa uchi. Ndikanaona nkhope yawo ikugwa, ndipo ndikanafa wokhuta. Ndinatsegula pakamwa ndithu. Koma maso anga anagwera pa Masauso, amene anakhala pa mpando wa ndalema kutsogolo kwanga. Anali atasendera m'mphepete mwa mpandowo, akundigwedezera mutu pang'onopang'ono, kundilimbikitsa kuti ndikane. Chibadwire ine ndi Masauso sitinafunepo chinthu chimodzi. Pomwepo ndinaona kuti ndikakana Loweruka, Lolemba nkhwangwa zilowa, ndipo msuku wanu ukathera m'bani la fodya.

Ndinameza mawu aja. Ndinati ndavomera, koma pali zitatu. Choyamba, pansi pa msuku sadzagonapo munthu, pamenepo ndi pa NyaMtonga ngakhale mafupa ake ali kwina. Chachiwiri, malo a adada ndisankha ndine, ndipo ndasankha m'malire, pamene mitengo yathera ndi zitsa zayambira, pakamwa penipeni pa njira imene ngolo zinkalowera. Chachitatu, mandawo ayambire pa msuku mpaka kukafika chitsa chomaliza, theka lodulidwalo lilowe momwemo. Masauso anadzuka n'kukankha mpando, anachoka osatsanzika. Anthu onse anatembenukira kwa adada. Anagwedeza mutu kuvomera, n'kunena kuti, “Yewo.” Pobwerera, ndikuwathandiza kukwera pa khonde, anandinong'oneza kuti, “Amai ako anali kudziwa.” Ndinadikira kuti apitirize, anene kuti ndinawalakwira, ndinawanamizira. Sananene, ndipo mpaka lero sananene.

Choncho theka lanu lilipo, Amama. Mvula yoyamba inagwa sabata yatha, fungo la dothi linadzaza m'mitengomo, ndipo masuku ayamba kugwa okha. Masauso akukagula nkhuni kutali, kumapiri, ndipo tikakumana panjira amayang'ana kumbali, zimene sizindidwalitsa. Zitsa zija zaphukira, china chilichonse chatulutsa mphukira zofiirira zofika m'chiuno. Mbuzi zimazikonda kwambiri, ndiye ndawapatsa adada ntchito. M'mawa uliwonse amayenda okha ndi ndodo mpaka m'malire muja, ndinawaikira kampando pamalo pomwe adzagonepo, ndipo amakhala pamenepo kuingitsa mbuzi. Mbuzi ikadya mphukira ndimawafunsa kuti anali kuti, ndipo amapepesa. Chifukwa cha mbuzi amapepesa, chifukwa cha inu ayi.

Musandifunse za kukhululuka, sindinafikeko, ndipo sindikudziwa ngati njira yake ndikuifuna. Amayi a ku tchalitchi aziyamika zimene akuyamika. Inu nokha ndinu mukudziwa tsopano chimene chinali m'wilibala muja.

Koma ndikulonjezani ichi. Ndiwasamalira adada Yotamu, ndiwaphikira, ndiwakumbutsa mapiritsi, kuti akhale ndi moyo mpaka mphukirazo ziwapitirire msinkhu, aziziyang'ana chokweza mutu. Ndipo tsiku lawo likadzakwana, ngakhale amati akazi safika pokumba manda, ine ndidzafika, ndidzaimirira pomwepo kuwalozera adzukulu, kuti asaphonye ndi phazi limodzi lomwe. Aliyense wobwera ndi nkhwangwa adzayamba wadutsa pa iwo. Mitengo imene anakutchulirani ufiti adzailondera mpaka lipenga lidzalire, ndipo tchuthi sadzachiona.

Gonani bwino, Amama. Ndimakukondani lero kuposa tsiku limene tinakunyamulani.

Ndine mwana wanu wouma mtima uja,

Towela